Ika Pansi Botolo, Kathyole Tsamba

Ika pansi botololo, mdzukulu wanga, ukhale apa pakhonde. Sipuleya wabwerekayo uiike kaye pambali isananyowe. Ndakuona pomwe umatsika njinga, botolo lili m'thumba la malaya, ukuyenda mothamanga ngati nyumba ikupsa. Ndakufunsa chimene chikudya mitengo, wayankha kuti tizilombo. Ndafunsanso kuti tizilombo tanji, wati wogulitsa mankhwala wanena kuti awa amapha tonse. Wogulitsayo anafika liti kuno kwa Khwethemule kudzaona mitengo yako? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mitengo ili kuseri kwa nyumbayi anabzala ndi amayi ako, ndipo ikudyetsa mbumba yonse. Sindilola kuti uiwononge ndi liuma lako ine ndikali moyo.

Nyamuka ukathyole masamba atatu, limodzi la papaya, lina la pichesi, lina la peyala. Ung'ambenso pepala loyera m'kope la mlongo wako.

Tsopano yang'ana tsamba la papayali pamwamba. Ukuona timadontho toyererako tambirimbiri, ngati wina walibayabaya ndi singano? Litembenuze. Kunsi kuli ngati fumbi, ndipo pakati pa mitsempha pali kaukonde kopyapyala. Gwedezera tsambalo papepala, udikire pang'ono. Fumbilo layamba kuyenda. Lipsinje ndi chala, ukoke. Mzere wofiirirawo ndiwo mdani wako. Alimi a tomato amamutcha kangaude wofiira. Kukula kwake ndi ngati theka la milimita, mofanana ndi utitiri wa m'chisa cha nkhuku yofungatira. Wamkulu ali ndi miyendo 8, pomwe mbozi, nsabwe za zomera ndi ntchentche ndi za m'banja la miyendo 6. N'chifukwa chake mankhwala ambiri amene anawapangira mbozi samuchita kanthu kangaudeyu. Iye satafuna tsamba, amaliboola n'kuyamwa madzi ake. Pamalo pamene wayamwa pamatsala kadontho kouma, timadontho tikachuluka tsamba limachita chikasu, kenako limafiirira ngati lawauka ndi moto, n'kuthothoka. Mtengo wopanda masamba sungasunge zipatso, umazitaya zikali zanthete.

Tsamba la peyala ndi losiyana, ndipo apa utchere khutu. Kufiirirako kwayambira pamwamba pa tsamba, motsatira mtsempha wapakati. Mtundu umenewu ndimaudziwa bwino chifukwa ndi wa m'banja limodzi ndi kangaude wa tiyi, amene ndinalimbana naye zaka zambiri. Pa malalanje ndi manachesi pali winanso amene maso paokha sangamuone. Umangodabwa khungu la chipatso lachita dzimbiri, lakhakhala, m'kati muli bwinobwino, koma wogula pamsika akulikankhira pambali. Mitundu itatu imeneyi ili pa mitengo ya khomo limodzi, ndipo iwe unali pafupi kuithira yonse ndi botolo limodzi losagwirizana ndi uliwonse.

Ndinagwira ntchito m'minda ya tiyi kuyambira ndili mnyamata wothyola masamba mpaka ndinakhala kapitawo. Tiyi wa ku Thyolo kuno ndi wakale. Satemwa anaitsegula Maclean Kay mu 1923, ndipo Conforzi, Naming'omba ndi Makandi ndi mayina amene agogo anga ankawatchula. Munda sungakhale zaka zonsezo ngati eni ake amapopera mankhwala mwachisawawa. Chimene ndinaphunzira kumeneko ndi ichi: dzuwa likafika pa Seputembala ndi Okutobala, panali anthu amene ntchito yawo inali kuyendera minda ndi kuyang'ana masamba basi. Ankayamba ndi mizere ya m'mbali mwa msewu, kumene mathirakitala amautsa fumbi, ndi malo amiyala kumene nthaka imauma msanga, chifukwa kangaude amayambira kumeneko. Akapeza kachigawo kofiira ankakaika chizindikiro n'kubwerako patapita masiku angapo kudzaona ngati kakukula. Akatswiri a kafukufuku wa tiyi a ku Mimosa, ku Mulanje, ndiwo ankalangiza za mankhwala oyenera, ndipo ogula tiyi akunja amayeza masamba kuti aone ngati muli zotsalira za mankhwala. Tiyi wopezeka nazo zopitirira muyezo amabwezedwa. Tsono ngati kampani yokhala ndi ndalama zogulira migolo ya mankhwala inkayamba yatuma munthu kukayang'ana tsamba, iwe wa botolo limodzi wapangongole ukuthamangira chiyani?

Ndikuuze za mng'ono wanga, malemu agogo ako aang'ono. Ndimanena nkhani imeneyi mtima ukundipweteka, chifukwa anali munthu wakhama kuposa ine. Ulesi sunali mwa iye. Chinamugwetsa ndi kusafuna kufunsa.

Iwe unabadwa nthochi zitayamba kale kutha, ndiye sudziwa mmene Thyolo inalili. Malole ankachoka kuno atadzaza mikoko kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Matenda a chisaka, amene anaoneka koyamba m'dziko muno ku Nkhotakota m'ma 1994 ndipo amafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za nthochi, atafika kuno anasesa minda mpaka misika yathu inayamba kugulitsa nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Malo kuno ndi ochepa, ukudziwa wekha, tiyi mbali iyi, phiri mbali iyo. Munthu akataya nthochi alibe kwina kothawira. Mng'ono wanga anazula nthochi zake monga alangizi ananenera, n'kuika mtima wake wonse pa zinthu ziwiri, dimba la tomato kudambo ndi mitengo ya zipatso pakhomo. Anali ndi manachesi, malalanje, mapapaya, mapichesi ndi mapeyala awiri aakulu, ndipo pa peyala limodzi anapachikapo mng'oma wa njuchi.

Ku tomato ankathira cypermethrin pofuna kupha mbozi zoboola zipatso, ndipo mbozizo zinkafadi. Apa ndi pamene anayamba kukhulupirira botolo kuposa maso ake. Akamaliza kudimba, madzi otsala m'sipuleya ankabwera nawo kunyumba n'kuwamalizira pa mitengo, ati mankhwala ndi ndalama, asatayike. Mitengoyo inalibe vuto lililonse. Ndinamuletsa, iye anati ine ndazolowera za azungu a kutiyi, za kumudzi sindizidziwa.

Chilimwe chitalimba, masamba a mapapaya anayamba kuchita madontho. Anapopera. Patapita masabata awiri, madontho anafalikira ku mapichesi ndi manachesi. Anati mankhwala achepa mphamvu, n'kuyamba kuthira zivindikiro ziwiri pamene ankathira chimodzi, sabata iliyonse, masana dzuwa lili pamutu, atavala kabudula ndi malaya odula manja. Ankabwera kuno maso ali psuu, nkhope ikumuyabwa, akudandaula mutu. Pofika kumapeto kwa Okutobala, nsonga za mapapaya zinali zitakutidwa ndi ukonde, akangaude ali mulu kunsonga kwa tsamba ngati wathirapo ufa wa njerwa. Manachesi anayoyola masamba, tizipatso tonse tili mbwee pansi. Njuchi zina zinafera pansi pa mtengo, zotsala zinasamuka.

Kutsidya kwa malire ake kunali mayi wina wamasiye, wokalamba, amene analibe ndalama yogulira ngakhale kabotolo kakang'ono. Mitengo yake inali yochepa. Iye ankangokolola udzu ndi mapesi n'kuphimbira patsinde, ndipo madzi otsukira mbale ndi osambira ankawathira pamenepo m'malo mowataya pabwalo. Akangaude analiponso pa mitengo yake, ndinawaona ndi maso angawa, koma masamba anakhalabe pamtengo mpaka mvula inagwa.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndicho chimandichititsa manyazi mpaka lero. Mng'ono wanga poona mitengo ya mayi uja ili yobiriwira, yake ili mbee, anayamba kunena kuti mayiyo wamuchita zamatsenga, akukokera zipatso kwake usiku. Mawu amenewa anafika kwa anyakwawa. Mayi amene sanalakwire munthu anakhala pabwalo akulira pamaso pa mudzi wonse. Mwayi wake anyakwawa anali munthu wofatsa, anati mlandu uyambe waima, aitane alangizi a zaulimi. Alangizi anabwera ndi kagalasi kokuzira zinthu, anathyola tsamba kwa mayi uja ndi lina kwa mng'ono wanga, n'kutiitana mmodzimmodzi kuti tisuzumire. Pa tsamba la mayi panali akangaude ofiira, inde, koma pakati pawo pankathamanga ena owala thupi, amiyendo yaitali, akugwira ofiirawo n'kuwayamwa. Panalinso tizikumbu takuda tating'ono ngati mutu wa singano, tikudya mazira. Pa tsamba la mng'ono wanga panali ofiira okhaokha ndi mazira awo, popanda ngakhale chimodzi chowadya. Alangizi anamuuza pamaso pa anthu kuti alonda a mitengo yake anawapha yekha, ndi ndalama zake. Anapepesa mayi uja ndi nkhuku, koma mayiyo sanapondenso pakhomo pake mpaka imfa. Mapapaya onse anauma. Manachesi ena anafa nthambi, otsala anatenga zaka ziwiri kuti abalenso zogulitsika.

Ndikufotokozere chifukwa chake zimatero, kuti usadzanene kuti agogo amangoopseza. Kukatentha, dzira la kangaudeyu limaswa n'kukula kufika poikira mazira ake m'sabata imodzi kapena masiku 10. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira okwana 100 pa moyo wake. Zomudya zija zimaswana pang'onopang'ono kuposa iye ndipo zimafa msanga ndi mankhwala ngati cypermethrin. Ukapopera, zomudya zimatha, iye ambiri amapulumuka kunsi kwa tsamba ndi m'ukonde wake, mazira osakhudzidwa n'komwe. Sabata yotsatira amaswa, n'kupeza mtengo wonse uli wake. Vuto limeneli silinayambire kwa Khwethemule. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, alimi a maapozi ndi malalanje ku America ndi ku Ulaya anayamba kuthira DDT ndi mankhwala ena atsopano, ndipo akangaude amene kale anali vuto laling'ono anasanduka mliri m'minda yawo. Anthu ophunzira, okhala ndi makina, anagwa m'mbuna yomweyo imene anagwamo mng'ono wanga.

Mphamvu ya zomudyazi usaipeputse. Mu 1971 ku Uganda kunapezeka kangaude wobiriwira wa chinangwa wochokera ku South America, ndipo anafalikira m'maiko olima chinangwa mpaka kuno kwathu. Palibe boma limene likanatha kupopera minda yonse ya chinangwa mu Africa. Akatswiri a bungwe la IITA anapita ku Brazil kukatenga kangaude wina amene amadya wobiriwirayo, anamumasula ku Benin mu 1993, kenako m'maiko ena ambiri, ndipo vutolo linachepa. Kodikodi wa chinangwa amene anasautsa anthu a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980 anagonjanso ndi kamavu kakang'ono kochokera ku South America komweko. Anthu anakwera ndege kukafuna alonda oterewa kutsidya kwa nyanja. Iwe uli nawo kale kuseri kwa nyumba, aulere, ndipo wabwera ndi botolo lowaphera.

Ntchito yako iyambire pa ludzu la mtengo. Kangaude amakonda mtengo wofooka ndi ludzu, tsamba la fumbi, ndi mphepo youma. Waona kuti nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, sumuona kwenikweni, ndipo mvula yamphamvu ikagwa amachepa yekha? Nkhondo yako ndi ya miyezi yochepa ya dzuwa, kuti masamba akhalebe pamtengo kufikira mvula. Kumba mozungulira mtengo uliwonse kuti madzi aziima, molingana ndi pamene pathera mthunzi wa nthambi, chifukwa mizu yomwa madzi ili kumeneko. Phimbira ndi udzu wouma, koma usaugunditse ku tsinde kuopa chiswe ndi kuola. Mitengo yaing'ono uziithirira ndowa ziwiri kapena zitatu pa sabata, ndipo madzi osambira asatayikenso pabwalo. Feteleza wa ureya amene ndinakuona ukuwaza patsinde pa manachesi usiye. Amatulutsa masamba anthete ambiri nthawi imodzi, chakudya chimene kangaude amaswana nacho msanga. Manyowa a mbuzi owola bwino akukwana.

Sipuleya ili ndi ntchito, koma ntchito yake yoyamba ndi madzi okha. Uitsuke bwino ndi sopo, uthiremo madzi oyera, ukhwimitse kamwa yake kuti madzi azituluka mwamphamvu, ndipo usambitse masamba kuchokera kunsi m'mawa kwambiri, kawiri pa sabata. Madzi amagwetsa akangaude, amang'amba ukonde, amatsuka fumbi. Masamba akunsi a papaya amene afiira kale uwadule, uwaike m'thumba pomwepo, ukawakwirire kapena kuwatentha kutali. Osawakoka pansi kudutsa pa mitengo ina. Ndipo ukachoka kudimba la tomato usalowe m'mitengo ndi zovala zomwezo, pakuti tizilomboti timakwera pa malaya ndi pa khasu, kuwonjezera pa kuuluzika ndi mphepo. Mapesi a tomato wakutha asagone m'dimba. Anyamata a masiku ano mumakolola n'kusiya munda uli chiimire, ukuweta akangaude oti adzagwire mbewu ya mnzako.

Madzi akalephera, bwera ndi sopo. Sopo wamba wochapira, osati waufa, kachidutswa kochepa kosungunula m'ndowa mpaka madzi achite thovu pang'ono. Yamba wayesa pa nthambi imodzi, udikire masiku awiri, uone ngati masamba sanapse, makamaka a papaya amene sachedwa kuwauka. Sopo amapha yekhayo amene wamukhudza, choncho tsamba linyowe mbali imene kangaude ali, kunsi pa papaya ndi pichesi, pamwamba pa peyala. Ubwereze pakatha masiku 5 kapena 7, kawiri kapena katatu, chifukwa mazira satha ndi ulendo umodzi. Anthu ambiri amalephera pomwepa, amapopera kamodzi, akaona akangaude abweranso amati sopo ndi bodza. Ukapeza njere za nimu kwa anthu ochokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene mitengoyi ili yambiri, uzisinje, uziviike usiku wonse, usefe ndi nsalu, upopere madzulo. Ombwe umene uli m'malire mwa mundawo umathandizanso, koma usauyese ndiwo chifukwa choti ndi masamba. Makolo ankaphera nawo nsomba. Madzi ake asapite kumtsinje, ndipo m'manja uvale mapepala apulasitiki.

Mankhwala a m'sitolo sindikuwakana onse. Chaka china dzuwa limakhalitsa, mvula n'kuchedwa mpaka Disembala, ndipo mitengo yaing'ono imatha kufa ukungoyang'ana. Zikafika pamenepo, tenga masamba m'thumba upite nawo kwa alangizi, kapena ukwere minibasi upite ku Bvumbwe, kumalo a kafukufuku wa zaulimi, m'boma lathu lomwe lino. Safunsa anadya phula. Ku Bvumbwe komweko kuli bungwe la Pesticides Control Board, limene limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno motsatira lamulo la mu 2000. Botolo lopanda chizindikiro, kapena mankhwala othiridwa m'kabotolo ka chakumwa pamsika, usagule ngakhale atchipe bwanji. Ofunika ndi amene alembedwa kuti ndi a akangaude. Salufa amagwira bwino, makamaka pa dzimbiri la malalanje, koma amawotcha masamba kukatentha kupitirira madigiri 30, ndipo sayenera kukumana ndi mankhwala amafuta pa tsamba limodzi m'masabata oyandikana. Abamectin amagwiranso, koma ndi poizoni kwa iwe, kwa njuchi ndi kwa nsomba, ndiye sathiridwa mtengo uli ndi maluwa, ndipo ukamuthira mobwerezabwereza akangaude amamuzolowera n'kusiya kufa. Wina akakutsatsa dicofol wakale amene anasunga m'nyumba, ukane. Maiko anagwirizana zomuletsa mu 2019. Muyezo ndi umene walembedwa pa botolo, wosawonjezera ngakhale dontho. Upopere mitengo yokhayo imene yagwidwa, ina uisiye kuti alonda aja akhale ndi kothawira. Uvale malaya aatali manja, buluku, nsapato zajombo ndi chotchinga pakamwa, ndipo uwerenge masiku oyenera kudikira usanathyole chipatso. Papaya amene ukagulitse ku Luchenza akadya ndi mwana wa munthu, ndipo amene atsale pakhomo adya ndi mlongo wako yemwe wang'amba kope lakeyu.

Botolo wagulali ndaliwerenga. Ndi cypermethrin, yemwe uja. Usalitsegule. Ulibweze kusitolo mawa, ndipo akakana kulandira ulisunge pamwamba, kutali ndi ufa ndi ana, lidikire mbozi za kudimba. Lero dzuwa lapendeka kale, tenga khasu uyambe ndi manachesi atatu a m'mbali mwa msewuwo, ndiwo akumwa fumbi kwambiri. Udzu wophimbira uli kuseri kwa khola. Mawa tambala wachiwiri akalira udzandidzutse, tidzatenge pepala loyera tiyende mtengo ndi mtengo, ine ndizikuonetsa ofiira ndi owadya, iwe uzilemba mtengo uliwonse ndi zimene tapezapo. Loweruka likudzali tidzayendanso, tidzaone ngati achuluka kapena achepa.